Tandiuzeni, Madzi a ku Michigan Anawonongekera Pati?

Tandithandizeni, abale anga, inu amene mumadziwa za madzi. Ku America kuli chigawo chotchedwa Michigan, ndipo chigawochi chinazingidwa ndi nyanja zinayi zikuluzikulu: Superior, Michigan, Huron ndi Erie. Nyanja zimenezi, pamodzi ndi inzake ya Ontario, zimasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi onse opanda mchere amene ali pamwamba pa nthaka padziko lonse. Ya Superior yokha, kutambalala kwake kumaposa nyanja ya Malawi kawiri n'kupitirira. Nanga zinatheka bwanji kuti anthu okhala pakati pa madzi ochuluka chonchi akaime pamzere, kunja kukuzizira koopsa, kudikira kuti asilikali awagawire madzi a m'mabotolo?

Munthu akamva kuti madzi a ku Michigan, angayese ndi madzi amodzi. Ayi ndithu. Detroit imatunga m'nyanja ya Huron ndi mumtsinje wa Detroit. Grand Rapids, mzinda umene unayamba padziko lonse kuthira mankhwala oteteza mano m'madzi akumwa mu 1945, umatunga m'nyanja ya Michigan. Lansing, likulu la chigawo, imapopa m'zitsime zakuya, pomwe Ann Arbor imadalira kwambiri mtsinje wa Huron. Mzinda uliwonse uli ndi bungwe lake la madzi, mapaipi ake ndi thumba lake la ndalama. Koma lamulo loteteza madzi akumwa ndi limodzi, boma ndi limodzi. Ndiye bwanji mwana wa mzinda uwu amwa madzi abwino, mnzake wa mzinda uwo, ulendo wa ola limodzi pa galimoto, amwa poizoni?

Tiyambe ndi Flint, poti ndi dzina limene dziko lonse linalimva. Kuyambira 1967 mzindawu unkagula madzi oyeretsedwa kale kuchokera ku Detroit. Kenaka mafakitale a galimoto amene anaukweza anachepa, anthu ambiri anasamuka, mzinda unatsala m'ngongole. Bwanamkubwa wa chigawo, a Rick Snyder, anaikako munthu wawo woyendetsa chuma, ndipo munthuyo anali ndi mphamvu zoposa za mfumu ya mzinda ndi makhansala amene anthu anawavotera. Pofuna kupulumutsa ndalama, anagwirizana zosiya kugula madzi a ku Detroit. Paipi yatsopano yochokera kunyanja ya Huron inali isanathe, ndiye anati podikira, mzinda uzimwa mumtsinje wa Flint. Pa 25 Epulo 2014 mfumu ya mzinda inadina batani lotseka madzi a ku Detroit, akuluakulu n'kukweza matambula a madzi a mumtsinjewo, kumwa pamaso pa atolankhani.

Mtovu umene unadzapezeka m'magazi a ana sunachokere mumtsinje. Unali kale pansi pa mabwalo a nyumba zawo. Pakati pa paipi yaikulu ya mumsewu ndi nyumba pamakhala kapaipi kolumikiza, ndipo m'mizinda yakale timapaipi tambiri timeneti n'tamtovu. America inaletsa kuika mapaipi a mtovu mu 1986, koma amene anakwiriridwa kale anatsala momwemo. Kuti mtovu usasungunukire m'madzi, mabungwe a madzi amathira mankhwala otchedwa orthophosphate, amene amamata m'kati mwa paipi ngati zoyera zija zimamata m'ketulo yowiritsira madzi tsiku ndi tsiku. Zomatazo zikakhalapo, madzi sakhudzana ndi mtovu. Detroit inkathira mankhwalawa. Flint sinathire, chonsecho madzi a mumtsinje anali ndi mchere wambiri wodya zitsulo. Anayamba kukokolola zomata zija, paipi n'kukhala pambalambanda.

Akatswiri amati mankhwalawo akanadya ndalama pafupifupi madola 100 pa tsiku, mumzinda wa anthu pafupifupi 100,000. Lamulo la dziko limati mzinda wa anthu oposa 50,000 uzikhala ndi njira yotetezera mapaipi kuti asadyeke. Koma nthambi ya boma la Michigan yoona zachilengedwe inati Flint iyambe yayeza madzi kwa miyezi isanu ndi umodzi kawiri, kenaka aone ngati mankhwala akufunika. Pamenepa ndi pamene mutu wanga umaima. Poyeza kwa chaka chonsecho, madziwo amamwa ndani? Amasungidwa m'thanki kudikira zotsatira? Kapena amayi amatunga omwewo kusungunulira mkaka wa khanda?

Anthu sanakhale chete. Pasanathe miyezi yambiri anayamba kudandaula za fungo, za zidzolo pakhungu, za tsitsi lothothoka. Ankapita kumisonkhano ya khonsolo atanyamula mabotolo, wina madzi achikasu, wina abulauni, pansi pake patadikha zinyenyeswa za dzimbiri, n'kumawakweza m'mwamba kuti akuluakulu aone. Yankho linali lakuti madzi akukwaniritsa malamulo onse.

Mu Okutobala 2014 kampani ya General Motors inasiya kugwiritsa ntchito madzi a mzindawo pafakitale yake ya injini, chifukwa zitsulo zinkachita dzimbiri. Inaloledwa kubwerera ku madzi a ku Detroit. Ine sindinaphunzire za injini, koma ndifunse: chitsulo ndi mimba ya mwana, cholimba n'chiti? Ngati madzi akudya chitsulo mufakitale, panalibe ndi mmodzi yemwe woganiza kuti akudyanso mapaipi a m'nyumba? Mu Januwale 2015 boma la chigawo linaika zigubu za madzi oyeretsedwa m'nyumba ya maofesi ake mu Flint momwemo, kuti antchito ake akhale ndi madzi ena akumwa. Anthu a kunja kwa mpanda anapitiriza kumwa a pampopi kwa miyezi ina isanu ndi inayi. Wogula zigubu zimenezo, popita kwawo madzulo, amadutsa nyumba za anthu akuganiza chiyani?

Mwina wina anganene kuti, si paja amayeza madzi? Eya, amayeza. Koma taonani mmene ankayezera. Mwini nyumba ankauzidwa kuti usiku atsegule mpopi kwa mphindi zingapo madzi atayike, kenaka m'mawa atunge oti akayezedwe. Kutero kumachotsa mtovu wina umene ukanagwidwa. Lamulo limafuna kuti aziyeza m'nyumba zimene zili pachiopsezo chachikulu, zokhala ndi mapaipi a mtovu, koma mzinda unalibe kaundula wodalirika wosonyeza kuti nyumba zimenezo ndi ziti. Ndipo mu 2015, zotsatira ziwiri zokwera kwambiri zinachotsedwa mu lipoti, chiwerengero cha mzinda n'kutsikira pansi pa mlingo wa boma. Kodi cholinga choyeza n'kufuna kupeza vuto, kapena kufuna pepala lonena kuti vuto palibe?

Chimodzi mwa zotsatira zochotsedwazo chinali cha kunyumba kwa mayi LeeAnne Walters. Mlingo umene boma limayambira kuchitapo kanthu unali magawo 15 a mtovu pa magawo 1 biliyoni a madzi. Mu Febuluwale 2015 madzi a m'nyumba mwawo anapezeka ndi 104. Mayiwa sanagonje. Anawerenga okha zikalata za mzinda, n'kuzindikira kuti mankhwala oteteza mapaipi sakuthiridwa, n'kuuza a Miguel Del Toral a ku bungwe la dziko loona zachilengedwe la EPA. Anatumizanso madzi kwa a Marc Edwards, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Virginia Tech, ndipo botolo lina linapezeka ndi 13,200. A Edwards ndi ophunzira awo anagwirizana ndi anthu a mumzinda kutunga madzi m'nyumba mazanamazana. Pa 24 Seputembala 2015 Dokotala Mona Hanna-Attisha wa pachipatala cha Hurley anaima pamaso pa atolankhani n'kunena kuti chiwerengero cha ana ang'onoang'ono okhala ndi mtovu wambiri m'magazi chakwera pafupifupi kawiri chisinthireni madzi. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Boma linayamba ndi kunyoza zimene dokotalayu anapeza, n'kudzavomera patapita masiku. Pa 16 Okutobala 2015 Flint inabwerera ku madzi a ku Detroit, patatha miyezi 18.

Ndiye ndifunsenso: anthu olembedwa ntchito yoyang'anira madzi analipo, malipiro amalandira, zipangizo anali nazo. Bwanji vutoli linaululidwa ndi mayi wa pakhomo, mphunzitsi wa chigawo china ndi dokotala wa ana?

Pali chinthu china chimene ife tinakula nacho, chimene nkhaniyi imachigwedeza. Kwathu kuno, madzi akakayikitsa timawiritsa kapena kuthiramo klorini, ndipo n'zoona, njira zimenezi zimapha tizilombo ta kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba. Ku Flint nakonso, mu Ogasiti ndi Seputembala 2014, anthu a madera ena anauzidwa kuti aziwiritsa madzi chifukwa munapezeka tizilombo. Koma mtovu si kachilombo, suphedwa ndi moto. Madzi akamawira, nthunzi imachoka, mtovu n'kutsala wochulukirapo m'madzi ochepa otsalawo. Ulibe fungo, sumveka pakamwa, ndipo madzi oyera mbee angakhale nawo. Umawononga ubongo wa mwana amene akukula, kumuvutitsa pa maphunziro ndi pa khalidwe, ndipo zimene wawononga sizibwerera. Umadutsanso kwa mayi woyembekezera kupita kwa mwana wosabadwa. Tsono mayi amene anamvera langizo, nawiritsa madzi mokhulupirika m'mawa uliwonse, tinene kuti analakwa chiyani? Munthu wamba, amene maso ake, mphuno yake ndi lilime lake sizingamuuze kanthu, watsala ndi chiyani kupatula kukhulupirira mawu a amene amayendetsa mpopi?

M'miyezi yomweyo kunabuka chibayo choopsa chotchedwa Legionnaires, chimene tizilombo take timaswana m'mapaipi klorini ikachepa mphamvu. Anthu pafupifupi 90 anadwala ndipo osachepera 12 anamwalira. Anthu wamba anauzidwa za mliriwu mu Januwale 2016, utadutsa kale.

Munthu angayembekeze kuti zitachitika zimenezi, palibenso mzinda wa m'chigawochi umene ungadikiritsidwe. Koma pali Benton Harbor, kamzinda ka anthu osakwana 10,000 kamene kali m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya Michigan. Kuyambira 2018 madzi a kumeneko ankapezeka ndi mtovu wopitirira mlingo, ulendo uliwonse akayeza. Panapita zaka zitatu kuti boma, mu Okutobala 2021, liuze anthu kuti azimwa ndi kuphikira madzi a m'mabotolo, ndipo linatero mabungwe ndi atsogoleri a m'deralo atakadandaula ku EPA. Bwanamkubwa watsopano, mayi Gretchen Whitmer, analamula kuti mapaipi onse a mtovu achotsedwe m'miyezi 18, ndipo ntchito inayenda mwachangu, timapaipi pafupifupi 4,500 n'kusinthidwa. Ndimayamika changu chimenecho. Koma ngati zinali zotheka kumaliza msanga chonchi, zaka zitatu zija amadikira chiyani?

Sindingalumphe chinthu chimene chikuonekera poyera. Anthu ambiri a ku Flint ndi akuda, ndipo pa nthawiyo anayi mwa khumi aliwonse anali pa umphawi. Ku Benton Harbor, oposa asanu ndi atatu mwa khumi aliwonse ndi akuda. Tsidya lina la mtsinje kuli St. Joseph, mzinda wa azungu ambiri, opeza bwino, omwa m'nyanja yomweyo. Mizinda yonse iwiri, Flint ndi Benton Harbor, inalandidwapo mphamvu n'kuikidwa m'manja mwa woyendetsa chuma wosankhidwa ndi bwanamkubwa. Mu 2017 bungwe la boma la Michigan loona za ufulu wa anthu linatulutsa lipoti lonena kuti tsankho lozika mizu linathandizira zimene zinachitika ku Flint. Ine funso langa ndi la mwana wa sukulu: botolo lija la madzi abulauni likanakwezedwa ndi mayi wa mumzinda wolemera, likanatenga miyezi 18 kuti lioneke?

Chimene chimandizunguza kwambiri ndi Lansing. Kuchoka ku Flint kupita kumeneko ndi ola limodzi basi. Mu 2004, zaka khumi Flint isanagwe m'mavuto, bungwe la madzi ndi magetsi la mzindawo linaganiza zochotsa timapaipi tonse ta mtovu, popanda mliri wowakakamiza. Anapeza njira yosavuta. M'malo mokumba ngalande kuchokera kumsewu mpaka kukhoma, amakumba maenje awiri okha, n'kulowetsa chingwe chachitsulo m'paipi yakaleyo, n'kumangirira paipi yatsopano ya kopa kumapeto kwake. Makina akakoka, yamtovu imatuluka mbali ino, yakopa ikulowa m'malo mwake, kapinga wa pabwalo osawonongeka. Mu Disembala 2016 anazula paipi yomaliza. Zonse zinali zoposa 12,000, ndipo ntchito inadya madola pafupifupi 44 miliyoni. Ku Flint, chipukutamisozi chokha chimene khoti linavomereza mu 2021 chinali madola 626 miliyoni, ambiri mwa iwo ochokera m'thumba la boma la chigawo. Maofesi a boma limene linkayendetsa Flint ali ku Lansing komweko. Akuluakuluwo ankadutsa maenje amenewa popita kuntchito. Palibe anaima n'kufunsa kuti, akukumbiranji?

Ndisanene ngati vuto ndi mtovu wokha. Mu Julayi 2018 anthu pafupifupi 3,000 a ku Parchment, pafupi ndi Kalamazoo, anauzidwa mwadzidzidzi kuti asiye kumwa madzi a pampopi. M'zitsime za mzinda munapezeka mankhwala otchedwa PFAS, ochuluka kuposa ka 20 mlingo umene boma la dziko linkalangiza nthawiyo. Mankhwalawa amagwiritsidwa ntchito kuti mapepala, nsapato ndi nsalu zisalowe madzi kapena mafuta, komanso m'thovu lozimitsira moto, ndipo sawola m'nthaka kapena m'thupi. Apezekanso kumpoto kwa Grand Rapids, kumene kampani yofufuta zikopa inkataya zinyalala zake, ndi ku Oscoda, pafupi ndi bwalo lakale la ndege zankhondo. Za ku Parchment zinadziwika chifukwa chaka chimenecho boma linaganiza zoyeza madzi a mizinda yonse, ndipo m'kanthawi kochepa mzindawo unalumikizidwa ku madzi a Kalamazoo. Pamenepa boma linachita bwino. Koma zitsimezo zinayamba kuipa tsiku loyezalo? Chaka cham'mbuyo mwake anthu ankalandira lipoti lonena kuti madzi ali bwino, chifukwa PFAS sinali pamndandanda wa zinthu zoyenera kuyezedwa. Ndiye mawu oti madzi akukwaniritsa malamulo amatanthauza kuti ndi abwino, kapena kuti zimene tinasankha kuyang'ana sitinazipeze?

Ngakhale nambala ija ya 15 imandidabwitsa. Madokotala amanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene uli wabwino m'thupi la mwana. Nambalayi inaikidwa mu 1991 ngati chizindikiro choonera ngati mankhwala oteteza mapaipi akugwira ntchito. Ndipo mzinda umaonedwa kuti walephera pokhapokha nyumba zoposa imodzi mwa khumi zoyezedwa zikapitirira mlingo. Kutanthauza kuti nyumba imodzi mwa khumi ikhoza kukhala ndi mtovu wochuluka bwanji, mzinda n'kukhozabe mayeso. Nanga wokhala m'nyumba yachikhumiyo, kukhoza kwa mzinda kumuthandiza chiyani?

Mu 2018 Michigan inakhwimitsa malamulo ake kuposa zigawo zina zonse pa nthawiyo. Inati mlingo utsike kufika pa 12 kuyambira 2025, mapaipi onse a mtovu achotsedwe m'zaka 20, ndipo poyeza m'nyumba za mapaipi a mtovu azitunga lita yoyamba ndi yachisanu. Nzeru yake ndi yakuti lita yoyamba ndi madzi amene anagona mumpopi wa m'khitchini, pomwe yachisanu ndi amene anagona usiku wonse m'kapaipi kamtovu kapansi kaja. Atangoyamba kuyeza chonchi mu 2019, mizinda ingapo yozungulira Detroit imene inkakhoza chaka ndi chaka inapezeka itapitirira mlingo. Madzi anali omwewo, mapaipi omwewo. Chinasintha ndi botolo limene anatungira. Ndiye zaka zonse zija, mabanja amenewo ankamwa lita yoyamba yokha?

Za ndalama nazo zimandiimitsa mutu. Anthu a ku Flint ankalipira mabilu a madzi okwera kuposa mizinda yambiri ya mu America, pa madzi amene sakanatha kumwa. Ku Detroit, mu 2014 momwemo, nyumba zikwizikwi zinadulidwa madzi chifukwa cha ngongole, mpaka nthumwi za United Nations zinapitako kukaona. Mu Epulo 2018 boma linaloleza kampani ya Nestlé kuwonjezera madzi amene inkapopa pansi pa nthaka kufupi ndi Evart kuti izigulitsa m'mabotolo, ikulipira madola 200 pa chaka a zikalata, ndipo sabata yomweyo boma linalengeza kuti lasiya kugawa madzi aulere a m'mabotolo ku Flint. Mwina pali lamulo lofotokoza zimenezi bwinobwino. Ine ndimangoona madzi a chigawo chimodzi, wina akutunga pafupifupi mwaulere kukagulitsa, wina akudulidwa mpopi, wina akulipira poizoni.

Milandu inatsegulidwa. A Snyder ndi akuluakulu ena anazengedwa, koma mu 2022 khoti lalikulu la Michigan linati njira imene anawaimbira milandu inali yolakwika, ndipo pofika kumapeto kwa 2023 nkhani yonse inatsekedwa. Palibe anakalowa m'ndende. Anthu 12 anamwalira, ana zikwizikwi anamwa mtovu, ndipo sindikumvetsa kuti zoterezi zingachitike bwanji popanda wozichita.

Inu amene muli ndi ana kapena abale ku America, makamaka okhala m'nyumba zomangidwa 1986 isanafike, auzeni afunse bungwe lawo la madzi kuti kapaipi kolowa m'nyumba mwawo n'kachiyani. Bungwe lililonse limayenera kutulutsa lipoti la madzi chaka ndi chaka, ndipo munthu ali ndi ufulu wolipempha n'kuliwerenga. Ngati paipi ndi yamtovu, agule sefa yovomerezeka kuchotsa mtovu, aziphikira ndi kusungunulira mkaka wa mwana madzi ozizira a pampopi odutsa m'sefayo, osati otentha, ndipo apite ndi mwana kuchipatala akamuyeze magazi. Asadikire kuti madzi asinthe mtundu.